Tsiku Limene Tinasesa Pansi pa Chimphona

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi. Ntchito yanga ndi yoyeza magazi m'kachipinda ka kuseri kwa chipatala, ndipo zimene ndimalemba tsiku ndi tsiku ndi manambala m'timabokosi. Nkhani ino ndaibwereza kanayi. Mukapeza pena pokhota, wolakwa ndine, osati munthu amene ndikufuna kumufotokoza, yemwe ndi alamu anga, akulu ake a mkazi wanga. Ndinawapempha chilolezo ndisanayambe. Anati, "Lembani alamu, bola musandiwonjezere zaka."

Anthu amawatchula kuti Mayi Tiyeni, chifukwa samaliza kuyankhula popanda mawu amenewo. Ndiwo amayang'anira nkhalango yotetezedwa imene ili kumapeto kwa tauni yathu, kuseri kwa malo ogonekako mabasi. Si yaikulu. Munthu woyenda mosathamanga amaizungulira m'maola awiri. Koma ndi yakale kwambiri, ndipo odziwa amati khasu silinaloweko chiyambire. Zaka za mitengo yake sindilemba, chifukwa mabuku awiri amene ndinaona akusiyana.

Alamu sanaphunzire za mitengo kusukulu. Analowa ntchito ali mtsikana, monga wosesa mu ofesi ya pageti. Ofesiyo ilipobe: zipinda ziwiri, tebulo limene mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi njerwa, mapu a pakhoma amene anafufutika malo amene zala zimakonda kuloza, ndi katoni ya magolovesi imene simungapezemo awiri ofanana. Woyang'anira wa masiku amenewo anali bambo amene maso ankawavuta. Mtengo wakale uliwonse uli ndi kachitsulo ka nambala, ndipo bamboyo anayamba kutenga wosesa uja kuti aziwawerengera manambalawo. Iwo akamagogoda thunthu n'kutchera khutu, mtsikana ankaonerera. Atapuma ntchito, kunabwera oyang'anira ena atatu motsatizana, onse a masatifiketi, ndipo onse ankatuluka mu ofesi n'kufunsa wosesa kuti mtengo wakutiwakuti uli mbali iti. Pamapeto pake akuluakulu anatopa n'kungowapatsa yunifolomu. Pano atha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'nkhalangomo.

Olembedwa ntchito alipo awiri okha, iwo ndi mlonda wa pageti. Ntchito yonse yotsala imagwiridwa ndi ife ongodzipereka, Loweruka lililonse m'mawa. Timazula zitsamba zobwera zimene zimapha mbande, timalambula malire kuti moto usalowe, ndipo chaka chilichonse timadula mitengo ing'onoing'ono m'chigawo chimodzi chokha cha m'mphepete, n'kuchisiya zaka khumi kuti chiphukire. Mapolo otuluka mmenemo amagawidwa kwa amene anagwira ntchito. M'kati mwenimweni, kumene kuli mitengo yakale, sitinkagwirako kawirikawiri. Mfundo imeneyi muisunge.

Ine anandikankhira kumeneko ndi mkazi wanga, ati mimba yayamba kufika pakhomo ine ndisanafike. Alamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zopukuta, n'kundipatsa kaundula wa mayina ndi bokosi la mabandeji. Anandipatsanso kabuku ka malamulo a nkhalango, kamene aliyense amalandira koma palibe amawerenga. Ine ndinakawerenga katatu.

Pakati pa nkhalangoyo pali mbawa imene m'kaundula ndi Nambala 14, koma tonse timaitcha Chimphona. Kuti muizungulire pamafunika akuluakulu asanu ndi mmodzi ogwirana manja. Izi ndikutsimikiza chifukwa womaliza ndinali ine. M'kati mwake muli mphako yoti munthu n'kubisalamo mvula. Njira yakale ya oyenda inkadutsa pansi pake penipeni, ndipo alamu akhala akudutsa pamenepo m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezi, n'kumenya thunthulo ndi chikhatho ngati mmene mumachitira ndi phewa la mnzanu.

Tsiku lina kutawomba mphepo, nthambi yaikulu ngati mtengo pawokha inathyoka n'kugwera panjirapo. Mwamwayi panalibe munthu. Patapita masiku atatu kunabwera woyendera wochokera ku likulu, mayi wachitsikana wa chipewa cholimba ndi tepi yoyezera. Linali Loweruka, choncho ndinamva ndi makutu anga.

"Mayi, ndikumvetsa kuti mumaukonda," anatero woyenderayo. "Koma ana asukulu amadutsa pano Lachisanu lililonse. Uyenera kudulidwa."

"Mtengowu ndiye unayamba kufika, njira inaupeza," anayankha alamu. "Wochoka akhale wobwera mochedwa. Tisuntha njira."

"Ndi ndani? Muli anthu awiri."

Alamu anatiloza ife, amene tinali titaima ndi zikwanje ngati ana oyembekeza kukwapulidwa. Woyendera anatiyang'ana, ndipo sindinganene kuti anakhutira.

"Mwezi umodzi," anatero. "Ndikabwera ndipeze njira yatsopano kutali ndi nthambizi. Ndipezenso kuti palibe chokopa munthu kudutsa kapena kukhala pansi pake. Apo ayi, ndibwera ndi odula."

Sindinaonepo mwezi wokoma ngati umenewo. Loweruka loyamba tinali makumi awiri ndi anayi, lachitatu kaundula wanga anafika makumi asanu ndi atatu. Kunabwera oyendetsa mabasi, aphunzitsi, azimayi a mumsika, ngakhale ometa tsitsi amene sanagwirepo khasu. Alamu ankathamanga kutsogolo ndi chingwe ndi zikhomo, akukhotetsa njira kuti isadule muzu uliwonse waukulu, ife pambuyo tikukumba, tikuthira miyala, mawilibala akulira ngati akudandaula. Aliyense amene waima kuti apume ankangomva kumbuyo kwake, "Mwapuma bwino bambo, tiyeni."

Anthu awiri ndiyenera kuwatchula. Oyamba ndi Atelala, bambo wamfupi wa shopu yosokera pafupi ndi siteji, amene pakamwa pawo sipatsekeka. Achiwiri ndi Anamwino, mayi wopuma ntchito wa msinkhu wa amayi anga. Iwowa ndi amene anandilandira kuchipatala ndili wongoyamba kumene, ndipo anandibwezapo katatu kukasamba m'manja anthu akuona. Mpaka lero akandiyang'ana ndimabisa zikhadabo.

"Atelala, mzere wanuwu wakhota," ankatero Anamwino. "Ndiye chifukwa chake mathalauza anu mwendo wina umatsogola."

"Anakhota ndi makasitomala, mayi. Ine ndimangotsatira thupi."

Loweruka lomaliza, woyendera atatsala masiku awiri kuti abwere, foni yanga inalira m'mamawa. Anali alamu. Mwana wawo wamkazi, woyembekezera, matenda anali atamuyamba, ndipo anali naye pa ulendo wa kuchipatala.

"Alamu, kiyi ali kwa mlonda. Kwatsala kukhoma matabwa a pakamlatho, kupaka laimu zikhomo za m'mbali mwa njira, ndi kuimika zikwangwani. Mukamaliza muwathokoze anthu azipita."

Ndinalemba zitatuzo papepala. Pofika 11 koloko zonse zinali zitatha. Tinayenda njira yatsopano kuchokera koyambira mpaka kothera tikuimba, Atelala akudumpha pakamlatho kuti aone ngati kalimba. Ndinathokoza anthu monga anandiuzira. Koma palibe anafuna kupita. Manja anali akadali otentha, ndipo tinali titaima moyang'anana ndi Chimphona, patali pang'ono. Pansi pake panali monga pamakhalira nthawi zonse: masamba ofika m'akakolo, zipika zowola, nthambi zouma, ndi chinthambi chinagwa chija chitagona pomwepo.

Anamwino anagwira m'chiuno.

"Mlendo akubwera mkuja kudzaona mtengowu. Ife n'kumulandira pauve chonchi? Adzati mtengo ulibe eni ake."

Anthu anavomera onse nthawi imodzi. Kunyumba kwa aliyense wa ife, mlendo akamabwera timasesa, ndiye panalibe choti n'kukambirana. Ena anathyola zitsamba n'kumanga matsache, ena anathamangira mawilibala.

Apa ndiyenera kulemba mosamala. Ine ndinkadziwa. Patsamba lachisanu ndi chimodzi la kabuku kaja analemba kuti chilichonse chogwa pansi pa mtengo wakale chisachotsedwe. Ndinatsegula pakamwa. Kenako ndinaganiza kuti mwina lamulolo silikhudza nthawi ya alendo, mwinanso alamu anauza Anamwino zina zimene ine sanandiuze. Ndinaganizanso za mmene Anamwino angandiyang'anire. Ndinaona kuti ndi bwino nditsimikize kaye. Ndinayenda mpaka ku ofesi, ndinapeza kabuku, ndinawerenga tsambalo kawiri, ndinayang'ananso kumapeto ngati pali mawu opatula. Panalibe. Pobwerera, mphindi makumi anayi zinali zitadutsa, theka la malowo linali mbee, ndipo wina anandipatsira tsache m'manja. Ndinasesa nawo. Ndipo ndinasesa bwino.

Kunena zoona, panakongola. Chinthambi chija amuna makumi awiri anachikunkhuniza mpaka kuseri kwa chulu. Masamba ndi zowola zonse tinaunjika milu itatu pafupi ndi njira yakale. Laimu wotsala tinapaka miyala n'kuindandalika mozungulira thunthu. Atelala anasankha zipika ziwiri zosalala n'kuziika moyang'anana pamthunzi, ati mlendo apumirepo posaina mapepala. Tinajambulitsa chithunzi tonse tikumwetulira.

Lamulungu masana ine ndi mkazi wanga tinapita kwa alamu kukaona khanda, limene linali litatuluka m'chipatala m'mawa womwewo. Pabalaza panali podzaza: mabeseni, matewera pa mpando uliwonse, ndi nsapato za ntchito za alamu pakhomo zili ndi matope a Lachisanu. Iwo anali pampando wa pakona, mdzukulu ali m'manja, nkhope ikuwala ngakhale sanagone. Ine ndinali ndisanadye bwino chichokere kunkhalango. Ndinakonza mawu oti ndinene, koma ndinkadikira mpata woyenera. Mkazi wanga sadikira mpata.

"Achemwali, taonani ntchito imene anthu anu agwira inu kulibe," anatero akuwapatsa foni.

Alamu anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anachikulitsa ndi zala. Kenako anapereka khanda kwa mkazi wanga pang'onopang'ono.

"Alamu, uwu ndi mtengo uti?"

"Nambala 14."

"Izi ndi chiyani?"

"Ndi zipika chabe."

"Ndi mabenchi. Mwaika mabenchi pansi pa mtengo umene akufuna kuudula poopa kuti anthu azikhala pansi pake. Mwaupakiranso miyala kuti ngakhale wosaona bwino asaphonye malowo." Anandiyang'ana. "Inu munali kuti?"

"Ndinalipo."

"Kabuku kaja simunawerenge?"

"Ndinawerenga. Ndi dzulo, kasanu."

"Ndiye chinakumangani pakamwa n'chiyani?"

"Ndinkafuna nditsimikize kaye."

"Awatu achemwali," analowerera mkazi wanga akugwedeza khanda, "nyumba itamapsa angayambe kaye kuyeza utsi kuti aone ngati ndi wa moto."

Ndinayembekeza kuti andikalipira. Alamu anangopukusa mutu, n'kuyamba kuvala nsapato za matope zija pamwamba pa masokosi a m'nyumba.

"Nanenso ndili ndi mlandu," anatero. "Zaka zonsezi ndimangoti tiyeni, tiyeni, osanena chifukwa chake. Anthu amatsata mapazi anga, za m'mutu mwanga sadziwa. Tulutsani kaundula wanu uja, muimbire aliyense. Pofika mawa 9 koloko zonse zikhale zitabwerera."

Sindinkakhulupirira kuti abwera. Koma pofika 2 koloko tinali makumi atatu ndi asanu ndi awiri pansi pa Chimphona, ena ali m'zovala zabwino, mphunzitsi wina atavala tayi. Alamu anakwera pa chimodzi cha zipika za Atelala. Aka kanali koyamba kuwaona akuyankhula anthu ataima chilili osagwira kanthu. Anatola chidutswa chowola pamulu, n'kuchinyema pakati. M'kati munali timizere toyera ngati ulusi, mphutsi zonenepa, ndi tizilombo tothawa kuwala.

"Ichi ndicho chakudya cha mtengowu," anatero. "Mtengo wokalamba umadya zimene wagwetsa wokha. Izi zikawola zimalowa pansi, mizu imamwa. Masamba aja ndi bulangete lake, amasunga chinyezi. Mizu yake ili pomwe mwaimapo, pansi pang'ono chabe, ndipo phazi lililonse limaifinya. Uve umene munachotsa uja ndi umene umaletsa anthu kufika pano. Dzulo munaulanda mbale, munauvula, n'kuitanira anthu kuti adzaupondeponde."

Anamwino ndi amene anayamba.

"Ndiye mukuti tibweze zinyalala?"

"Zonse, mayi."

"Ine zaka makumi atatu ndi zisanu ndikuthamangitsa tizilombo m'mawodi, lero nditinyamule ndekha kutibwezera kwawo?"

"Ine ndinalembedwa ntchito yosesa, mayi. Kusiya tsache kunandiwawa kuposa inu."

Anamwino anayang'ana chidutswa chowola chija, n'kuyang'ana m'mwamba mwa mtengo. Anavula wotchi yawo n'kundipatsa ine.

"Sunga iyi. Ndipo iwe, ukadziwa chinthu uzinena. Ndinakuphunzitsa kusamba m'manja, sindinakuphunzitse kukhala duu."

Ntchito imene inatsatira sindidzaiiwala. Alamu anatiletsa kulowa ndi mawilibala, ndipo anatiika pamzere umodzi kuti tipatsirane masaka a masamba dzanja ndi dzanja, anthu atatu okha opepuka thupi ndi amene ankamwaza pafupi ndi thunthu. Miyala ya laimu ija tinaitola n'kukatsekera pakamwa pa njira yakale, mbali yoyera itayang'ana pansi. Titawerenga milu tinapeza kuti umodzi wachepa. Atelala anayamba kuyang'ana kumbali.

"Atelala," anatero alamu.

"Ndinangoti ndithandize kuchotsa, mayi. Mawilibala awiri okha."

"Kabwezeni."

"Imodzi ndibweza. Inayo mayi akunyumba aphikira kale, ndipo ana adya. Mukafuna ndibweretse anawo adzagone pansi pa mtengo."

Anthu anaseka mpaka mzere unaduka. Atelala anathamangadi, n'kubwera akukankha wilibala, thukuta lili kamukamu, akudandaula kuti pantchito yawo yonse sanaonepo kuphwasula kotopetsa kuposa kusoka ngati kumeneku.

Kenako alamu anationetsa chinthu chimene sitinkachidziwa. Anatiuza tikhome zikhomo mizere iwiri mozungulira mtengo, kunja kwa pamene nthambi zimathera, ndipo pakati pa mizereyo tipanikizemo nthambi zouma ndi zitsamba zonse zimene tinadula polambula njira yatsopano. Unatuluka mpanda wofika m'chiuno, wokhuthala, wa minga mwina ndi mwina, wopanda msomali ngakhale umodzi. Anati mbalame zidzamangamo zisa, ndipo ukamawola tizidzangowonjezera pamwamba. Chomaliza, tisanatseke mpata wotsala wa mpandawo, chinali chinthambi chija. Tinalowetsa mapolo pansi pake, wa tayi uja akuwerenga mokweza, tonse n'kukankha pamodzi. Chinasuntha pang'ono, chinakana, chinasunthanso, ndipo chitagwera m'malo mwake mwakale anthu anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Dzuwa linali likadalipo pang'ono. Anamwino anali ndi masamba m'tsitsi ndipo sanawachotse.

Lolemba ndinapempha theka la tsiku kuntchito. Tinalipo anthu khumi ndi awiri pamene woyendera anafika. Anayenda njira yatsopano yonse. Anagwedeza kamlatho ndi phazi. Anatambasula tepi kuchokera panjira mpaka pampanda, n'kulemba. Anakankha mpandawo ndi manja awiri, anauzungulira kufuna polowera, sanapapeze. Alamu anali atapinda manja kumbuyo.

Woyendera anasuzumira m'kati mwa mpanda.

"Masamba awa agwa modabwitsa," anatero. "Ouma ali pansi, onyowa ali pamwamba. Ndipo mwala uwo uli ndi laimu kunsi kwake."

Alamu anatsegula pakamwa, koma Anamwino anawatsogolera.

"Tinasesa, mwanangu. Tinkafuna tikulandire bwino. Ndiye anatiuza kuti talakwitsa, tinabweza."

"Munabweza masamba?"

"Ndi mphutsi zomwe. Zina ndinanyamula ndi manja angawa."

Woyenderayo anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka anavula chipewa n'kupukuta misozi. Atatha analemba kwa nthawi yaitali, ife tikungomva kulira kwa cholembera. Kenako anawerenga mokweza: Nambala 14 isadulidwe. Nthambi ziwiri za mbali ya kunjira zifupikitsidwe ndi akatswiri. Mpanda usamalidwe, ndipo mtengo uziyezedwa chaka chilichonse mvula ikatha.

Atelala anaponya chipewa m'mwamba n'kukakodwa mumtengo wina. Alamu anayenda mpaka pampanda, anaima atatifulatira, n'kumina kawiri. Sangathenso kumenya thunthulo ndi chikhatho m'mawa, chifukwa mpandawo umaletsa iwo omwe. Ndinawafunsa pambuyo pake ngati zimawawawa. Anati amaupatsa moni ali patali, ndipo umamva.

Chiyambire tsiku limenelo, Loweruka lililonse tisanagwire zida, alamu amatenga mphindi zisanu kufotokoza chifukwa cha ntchito ya tsikulo. Amachita movutikira, maso ali kunjira, phazi likugunda pansi, koma amachita.

Ine ndakhala ndikuganiza za mphindi makumi anayi zija. Ndikanangoti, "Mayi, taimani kaye, ndikuganiza kuti izi n'zoletsedwa," choipa chimene chikanandigwera ndi kusekedwa basi. M'malo mwake mtengo wa zaka zosawerengeka unatsala pang'ono kugwa chifukwa ine ndinkaopa kulakwitsa pagulu. Loweruka likubwerali alamu adzakhala ku msonkhano ku likulu, ndipo ndamva Anamwino akuuza anthu kuti tidzatenthe mulu wa zitsamba zobwera umene uli kumalire a kumpoto. Udzu wa kumeneko wauma, ndipo mphepo ya masiku ano sindikuikhulupirira. Sindinapeze tsamba limene likuletsa, ndipo sindikalifunafuna. Ndikaima pafupi ndi muluwo, ndipo machesi asanatuluke m'thumba ndikanena mokweza kuti tidikire alamu. Akandiyang'ana, andiyang'ane.